Khansa ya m'matumbo: mwa odwala onse ndi angati amene ndi yakumtundu?

NaBanda_Zomba:
Abale ndithandizeni maganizo. Achimwene anga awapeza ndi khansa ya m'matumbo aakuluwa, munthu wa zaka 38 zokha, wosasuta, mowa sadziwa nkomwe. Adokotala anatifunsa ngati kubanja kuli wina anadwalapo khansa, nde kuchikazi kwathu kulibe, koma kuchimuna azakhali athu anamwalira ndi khansa ya m'chiberekero asanakwane 50, komanso agogo obereka bambo akuti anamwalira ndi m'mimba akuchita chimbudzi cha magazi, nthawi imeneyo anthu anangoti awalodza basi. Kodi akuchimunawo amawerengedwa? Nanga mwa anthu 100 odwala khansa imeneyi ndi angati amachita kutengera kwa makolo? Ndili ndi ana ang'onoang'ono, tulo sindikulipeza.

Bambo_a_Tada:
Pepani kwambiri achemwali, Mulungu awakhudze achimwenewo. Ine sine wachipatala koma ndimamva kuti yambiri imabwera ndi ukalamba ndi kadyedwe, nyama yofiira yambiri, masoseji, mowa, fodya, kunenepa kwambiri. Ndipo masiku ano ikugwira ndi achinyamata omwe, wosewera mafilimu wa ku America Chadwick Boseman uja anamwalira nayo mu 2020 ali ndi zaka 43. Musadzipanikize, mwina zangochitika.

Sister_Chiko_Leeds:
NaBanda pepani mchemwali wanga. Ndimagwira ntchito ku wodi ya matenda a m'matumbo kuno ku UK nde funso lanu ndimakumana nalo pafupipafupi. A Bambo a Tada akunena zoona mbali imodzi, odwala ambiri si yakumtundu. Mwa odwala 100, pafupifupi 70 kubanja kwao kulibe aliyense anadwalapo. Ena 20 kapena 30 ali ndi m'bale amene anadwalapo koma ukayeza magazi nthawi zambiri supeza gene (kachidutswa ka chibadwa kamene timatengera kwa makolo) imodzi yoti uloze chala, mwina poti amadya zofanana, kukhala kofanana, komanso ma gene ang'onoang'ono ambirimbiri kuphatikizana. Amene alidi ndi gene imodzi yowonongeka yochokera kwa kholo ndi pakati pa 5 ndi 10 pa 100 alionse.

Mwa amenewa yofala kwambiri ndi Lynch syndrome, pafupifupi odwala 3 pa 100. Dzinali ndi la dokotala wa ku America Henry Lynch amene analemba za mabanja oterewa mu 1966. Mthupi muli ma gene amene ntchito yake ndi kukonza zolakwika maselo akamagawikana, MLH1, MSH2, MSH6 ndi PMS2, nde imodzi ikakhala yowonongeka zolakwikazo zimangounjikana mpaka khansa kuyamba msanga, zaka za m'ma 40 kapenanso kuchepera apo. Ina ndi FAP, imeneyo ndi yosowa, siifika ndi wodwala mmodzi pa 100, koma ndi yankhanza, mwana akamatha msinkhu m'thumbomo mumamera tizotupa mazanamazana ndipo akapanda kuchotsa thumbolo khansa imabwera ndithu cha m'ma 40.

Koma apa ndi pamene ndikusiyana ndi a Bambo a Tada. Manambala aja ndi a odwala onse, ambiri a iwo okalamba. Ukangotenga odwala osakwana zaka 50 zinthu zimasintha, ku Ohio ku America anayeza odwala 450 oterewa ndipo 16 pa 100 anapezeka ndi gene yakumtundu, theka la iwo Lynch. Achimwene anu ali mu gulu limenelo, kenako muwonjezere azakhali ndi agogo. Akuchimuna amawerengedwa kwambiri mchemwali. Kwathu timati mwana ndi wa kwa mayi, mwini mbumba ndi malume, koma gene imeneyi imachokera kwa bambo kapena kwa mayi chimodzimodzi, ndipo kholo likakhala nayo mwana aliyense mwayi wotengera ndi theka, wamwamuna kaya wamkazi. Madokotala akamakayikira Lynch amayang'ana abale 3, mibadwo iwiri yotsatizana, mmodzi wodwala asanafike 50. Nkhani yanu yayandikira kwambiri pamenepo ngakhale za agogo palibe pepala lachipatala.

Za azakhaliwo mufunsitse kuti inali ya khomo la chiberekero kapena ya m'kati mwa chiberekero. Ya khomo ija yofala ku Malawi imayamba ndi kachilombo ka HPV, ilibe chochita ndi Lynch. Koma ya m'kati ndi yomwe imayenda ndi Lynch, azimayi ena imayamba kuwagwira imeneyo ya m'matumbo isanabwere.

Mjomba_waku_Kapa:
Sister mwafotokoza bwino. Ndingowonjezera poti ena amati izi ndi za azungu, ayi ndithu. Kuno ku South Africa kuli mabanja akuluakulu ku Northern Cape omwe ali ndi Lynch ya MLH1, ndipo madokotala a kuchipatala cha Groote Schuur ndi a University of Cape Town akhala akupita kumeneko chaka ndi chaka atanyamula makina a colonoscopy (kamera yoyang'anira m'kati mwa matumbo) kukayeza anthu konko, chifukwa kuti aliyense abwere ku Cape Town ndi ulendo wautali zedi. Amene amabwera kudzayezedwa tizotupa amatichotsa tisanasanduke khansa. Chomwe chimandiwawa ine nchakuti manambala ambiri omwe tikutchulawa anawerengera ku America ndi ku Ulaya, pomwe kuno kwathu ku Africa odwala achinyamata ndi ochuluka m'mawodi, nde ndimakhulupirira kuti mabanja a Lynch tili nawo m'midzi mwathu osadziwika, anthu akungolozana ufiti pamaliro.

NaBanda_Zomba:
Zikomo nonse, mtima wagunda koma bola kudziwa. Mayi akuti azakhali anali kutaya magazi nthawi yosayenera ndipo anawachotsa chiberekero chonse, zoti khomo kapena m'kati akafunsa ana awo. Sister nanga ndiyambire pati, ndipite ndi anawa akayezedwe?

Sister_Chiko_Leeds:
Ana asiyeni kaye, Lynch siivuta ana ang'ono ndipo timadikira akule afike 18 asankhe okha. Ikanakhala FAP bwenzi tikunena zina koma imeneyo adokotala akanaona kale thumbo la achimwene lodzaza tizotupa. Poyambira ndi achimwenewo. Kachidutswa ka chotupa kamene anadula kukayeza ku labu amakasunga, nde funsani adokotala awo ngati kangayezedwe MMR, ndi mayeso oona ngati mapuloteni a ma gene 4 aja alimo kapena ena akusowa. Kuno ku England kuyambira 2017 malangizo a NICE, bungwe lolangiza zachipatala, amati wodwala khansa ya m'matumbo aliyense ayezedwe zimenezi posatengera zaka. Kumudziko si labu iliyonse imapanga, mwina angafunike kutumiza kunja ndipo ndalama zimalowapo, koma funsani ndithu chifukwa zotsatira zake zimathandizanso posankha mankhwala a achimwenewo. Zikasonyeza kuti china chikusowa mpamene amayeza magazi awo, akapeza gene yeniyeniyo abale nonse mumayezedwa imodzi yomweyo, ndipo amene alibe gene imeneyo, ana ake sangatengere.

Ngakhale mayesowo alephereke, inu ndi abale anu obadwa nawo musadikire. Malangizo omwe madokotala ambiri amatsata ndi oti m'bale wapafupi akadwala ali wamng'ono, colonoscopy muyambe pa 40 kapena zaka 10 musanafike msinkhu umene iye anadwalira, chimene chayambirira, nde kwa inu ndi 28. Ngati mwadutsa kale pemphani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu, Queens kapena Kamuzu Central, muwauze mbiri yonse ya kuchimunayo. Kwa amene atsimikizika Lynch kuno timayeza zaka ziwiri zilizonse, ena kuyambira 25 ena 35 kutengera gene yake. Mudzawerenganso pa intaneti kuti aspirin amachepetsa chiopsezo kwa a Lynch, ndi zoona, koma musayambe kumwa nokha poti amatha kuyambitsa zilonda ndi kutaya magazi m'mimba. Ndipo bambo anu ngati ali moyo, ndi abale awo onse ndi ana a azakhaliwo, auzidwe nawonso apite.