Thandizeni nzeru pa ngolo yonyamulira boti

Akuluakulu a kuno ku Joni, ndabwera kudzapempha nzeru. Abwana omwe ndimawagwirira ntchito ya m'munda ku Randburg andipatsa ngolo yakale yonyamulira boti, yomwe yakhala pabwalo zaka zambiri mvula ikuivumbwa. Ndinakulira kunyanja ku Nkhotakota, za boti ndimazidziwa, koma ngolo sindinakonzepo.

Dzimbiri ladya kwambiri chapafupi ndi ekiselo. Ndikagogoda ndi hamala, chitsulo chikumayoyoka ngati makungwa ouma, pena mpaka kubooka. Kodi pamenepa kuwotcherera chigamba kungalimbe, kapena ndidule chitsulo chonsecho n'kuikapo china? Ndikuopa kuti ingadzathyoke pamsewu itanyamula katundu. Ma bearing akulira ndikazunguza tayala, ndikuganiza kuti munalowa madzi nthawi yomwe ankaitsitsira mu Vaal Dam, ndiye awa ndigula atsopano basi. Magetsi akumbuyo nawo anafa.

Chondisowetsa tulo ndi mapepala. Disiki ya laisensi ya ngoloyi inatha kalekale. Laisensi yanga ndi ya Code B, yolola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750. Ndiyambe ndi roadworthy (kukaiyezetsa ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu) kapena kusintha dzina la mwini? Amene munadutsamo, kapena mukudziwa wowotcherera wodalirika chakuno, chonde ndiuzeni.