Zija ndinafunsa za masola ndi msonkho zayankhidwa

Abale, mwezi watha ndinafunsa ngati IRS, bungwe lotolera misonkho la boma la America, ingandichotsereko msonkho pa masola ndi batire zomwe tinaika pa nyumba yathu kuno ku Indiana mu 2025. Zikomo nonse amene munayankha. Dzulo ndinakhala pansi ndi munthu wodziwa za misonkho, malisiti onse nditawayala patebulo.

Masola alowa, batire nalonso lalowa poti limasunga magetsi oposa 3 kWh. Pa masola oikidwa mu 2025, amachotsa pa msonkho wako 30 peresenti ya ndalama zogulira katunduyo ndi zolipira amisiri, ukalemba fomu ya IRS yotchedwa Form 5695. Koma denga lomwe tinakonzetsa tisanakhomerepo masolawo sakuliwerengera ayi. Apa mpomwe panandiwawa, poti ndinali nditaliika kale m'masamu anga.

China chomwe ndinkachimva molakwika: ngati msonkho wako wa chakacho ndi wochepa, sakutumizira cheke cha ndalama zotsalazo. Amangochotsa pa zomwe umayenera kulipira.

Achimwene amene munati mukufuna kuika chaka chino, pepani. Lamulo lomwe Trump anasainira pa 4 Julayi 2025 linatseka mwayiwu, ndipo ntchito yoika inayenera kutha pofika pa 31 Disembala 2025. Kwathu amisiri anamaliza mu Novembala, tinangopulumukira m'kamwa mwa mbuzi.