Kuchokera ku Mfuwe kupita ku Lusaka pa ndeke: mtunda ndi maola ake

Mwana wa ku Kapata:
Abale anga, ine ndili ku Kapata kuno ku Chipata, ndikupempha nzeru. Amayi anga ayenera kukaonana ndi dokotala wa mafupa ku Lusaka mwezi wamawa, ndipo msana wawo sungawalole kukhala m'basi kuyambira m'mamawa mpaka madzulo. Ndauzidwa kuti ndeke yonyamula anthu imene tingadalire kuno kum'mawa ndi ya ku Mfuwe. Kodi pali mtunda wautali bwanji pakati pa bwalo la ndeke la Mfuwe ndi bwalo la Kenneth Kaunda la ku Lusaka, nanga ndeke imatenga nthawi yaitali bwanji?

Mphunzitsi wa ku Katete:
Pepani ndi matendawo, mbale wanga. Mumlengalenga mtundawu ndi makilomita pafupifupi 440, ndipo ndeke za Proflight Zambia zimauluka ola limodzi ndi mphindi 10 kapena kupitirira pang'ono, malinga ndi mphepo ndiponso mtundu wa ndeke. Msewu wa Great East kuchokera ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, chifukwa umakhota podutsa Katete, Petauke ndi Nyimba, n'kutsikira pa mlatho wa Luangwa, kenako n'kukwera mapiri a Manenekela, pomwe ndeke imangolunjika. Basi imadya maola 8 kapena 9. Kwa munthu wamkulu wodwala msana, kusiyana kumeneku n'kwakukulu ndithu.

Dalaivala wa ku Mambwe:
Aphunzitsi anena zoona, koma ola limodzilo lisakunamizeni, pakuti ulendo wa amayi suyambira pa khomo la ndeke. Bwalo la Mfuwe lili makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Chipata, ndipo ngakhale msewu uli wa tala, ine ndimawerengera maola awiri ndikanyamula odwala, chifukwa sindingathamange nawo monga ndithamangira ndi matumba a chimanga. Muyeneranso kufika pabwalo ola limodzi ndeke isananyamuke, kuti mupimitse katundu ndi kuonetsa NRC (chiphaso cha unzika). Mukatera ku Lusaka mudzakhala musanafikebe m'tauni, poti bwalo la Kenneth Kaunda lili makilomita oposa 20 kunja kwa mzinda, ndipo madzulo magalimoto amathinana koopsa pa msewu umenewo. Mukaphatikiza zonse, ulendo ndi wa maola asanu kapena kuposa pang'ono. Ubwino wake ndi wakuti maolawo ndi odukizaduka: amayi atha kutsika, kudziwongola ndi kupuma, zimene m'basi sizitheka mwakufuna kwanu.

Ndionjezere kuti kuyambira June mpaka October alendo odzaona nyama ku paki ya South Luangwa, pafupi ndi Mfuwe, amachuluka, ndipo ndeke zake n'zazing'ono, choncho gulani matikiti msanga.

Namwino wopuma:
Pogula tikiti muwauze kuti amayi amavutika kuyenda, kuti akukonzereni mpando wa mawilo ku mabwalo onse awiri, popeza okwera amayenda wapansi mpaka pa ndeke n'kukwera masitepe. Mankhwala ndi makalata a kuchipatala akhale m'kachikwama ka m'manja. Funsaninso dokotala amene akuwaona ku Chipata ngati angawalole kuuluka.

Mwana wa ku Kapata:
Zikomo kwambiri nonsenu. Za mpando wa mawilo sindinaziganizire n'komwe. Mawa ndikaonana ndi dokotala, ndipo akavomera tidzanyamuka dzulo lake kuti amayi akagone ku Mfuwe, akakwere ndeke atapumula.