Amisiri thandizeni: tebulo lokwera ndi kutsika likugwedera

Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera ndi vuto. Ndine kalipentala kuno ku Kasungu boma. Alongo anga aakulu ndi telala, ndipo kashopu kawo n'kopanikiza, sikangalowe matebulo awiri. Posoka amakhala pampando, makina a pamanja ali patebulo la masentimita 75. Podula nsalu amaimirira n'kuwerama patebulo lomwelo, ndipo msana wawavuta mpaka usiku sagona bwino. Ndinawalonjeza tebulo limodzi loti lizikwera kufika 90 akafuna kudula, n'kutsikanso akafuna kusoka.

Ndinapanga chonchi. Mwendo uliwonse uli pawiri: wakunja ndi kabokosi ka matabwa anayi, wamkati ndi thabwa la mamilimita 45 mbali zonse, lolowa m'kabokosimo ngati mpeni m'chimake. Wamkatiwo ndinaubowola mabowo anayi otalikirana masentimita 5, n'kumalowetsapo bawuti ya mamilimita 10. Matabwa onse ndi paini wa ku Chikangawa.

Tsiku loyamba linali bwino. Pano patha miyezi itatu, mabowo akula, bawuti ikusewera, ndipo akangoyamba kupukusa makina tebulo lonse limagwedera mpaka msoko kukhota. Mvula itayamba miyendo iwiri inatupa, kukana kutuluka. Ndinaipala pang'ono ndi pulena, ndiye kugwedera kwawonjezeka. Zikundiwawa chifukwa mayiwa ndi amene anandilipirira pophunzira ntchitoyi, ndipo pano abwereranso kudula chowerama. Ndikufuna chotsekera cholimba, koma choti munthu wamayi atsegule yekha popanda sipanala. Ndichite bwanji?

Mmisiri wa ku Kamwendo, Mchinji:
Mwana wanga, bawuti imodzi waipatsa ntchito ziwiri. Kunyamula katundu ndi ntchito ina, kuletsa kugwedera ndi inanso. Pini inyamule, china chipane. Paini ndi wofewa, chitsulo chimamudya tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake mabowo akula. Miyendo yamkati upange ya mlombwa wouma bwino, usagule wongocheka kumene. M'bowo lililonse ukhomeremo kachidutswa ka paipi yachitsulo kuti pini izikhuzana ndi chitsulo chinzake. Za kutupazo usadabwe: thabwa limamwa chinyezi nthawi ya dzinja n'kukula m'mimba mwake, osati m'litali, chilimwe likauma limabwerera. Usiye mpata wa mamilimita awiri, upake kandulo, vanishi usapake mkatimo, amamata. Mpatawo uutseke ndi bawuti ina yobwera cham'mbali, ya nati ya makutu, yokankha kathabwa kolimba kuti kapane mwendo. Bawuti isamalase mwendo mwachindunji, idzaukumba. Komanso tebulo likakwera mpaka pamapeto, mwendo wamkati utsale m'kabokosi masentimita osachepera 20.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri madala. Pamenepo mwandigwira, wanga umatsalamo masentimita 10 okha. Za kathabwa kopanako sindinaziganizepo n'komwe.

Wowotcherera zitsulo wa ku Santhe:
Achimwene, mukuvutikiranji? Miyendo ikhale ya machubu achitsulo olowetsana, pamwamba pokha muike thabwa. Chitsulo sichitupa, chiswe sichidya.

Mwini funso:
Ndamva achimwene, ndipo ndikudziwa kuti zingalimbe. Koma ndikufuna lituluke m'manja mwanga, chifukwa cha amene ndikuwapangirawo. Mapini okha ndi timapaipi ndidzakufunani.

Mayi wosoka wa ku Nkhamenya:
Abambo nonse mukukamba za kulimba, koma palibe wafunsa kuti mayiwo azilikweza bwanji. Ine ndimasoka, ndikudziwa kulemera kwa mutu wa makina. Miyendo inayi, mapini anayi, manati anayi, munthu mmodzi wa msana wodwala? Akakweza ngodya imodzi zinazo zimakakamira. Adzayesa sabata imodzi, kenako adzalisiya pansi mpaka kalekale, inu osakuuzani poopa kukukhumudwitsani. Ndipo pashopu pamakhala ana. Pini ikasololoka tebulo lili m'mwamba, zala za mwana zili pamenepo, mudzalira.

Mmisiri wa ku Kamwendo, Mchinji:
Mayi anena zoona, ine ndinangoona matabwa. Ulumikize miyendo iwiri ya mbali imodzi ndi thabwa lopingasa kuti iziyendera limodzi, azikweza mbali imodzi kenako inayo, bowo limodzilimodzi. Kunsonga kwa pini ubowole kabowo kolowetsa kawaya kokhota kuti isatuluke yokha, ndipo uimangirire ndi kachingwe isamasowe. Makina azitsitsa kaye asanakweze tebulo.

Mayi wosoka wa ku Nkhamenya:
Kutsitsa makinako ndiye kukundidetsa nkhawa, bambo. Bwanji makina akhale pakashelefu kawokawo kokhazikika m'mbali mwa tebulo, chokwera chikhale podulira pokha? Chopepuka munthu amakweza osaganiza kawiri.

Mwini funso:
Mayi, mwanditsegula maso. Ndiye kuti makina sadzagwedezanso mbali yokwerayo. Mawa ndipita kukayeza shopu, ndipo ndikawafunsa alongo anga kuti akweze okha ndikuona ndisanakhome chilichonse. Funso lotsala kwa inu madala: mlombwa wakwera mtengo ndipo wouma ukusowa kuno. Bulugamu wokhwima angagwire ntchito ya miyendo yamkati, kapena adzandipindikira?