Mvula yagwetsa nyumba ku Chibavi, thandizo tilipeza bwanji?

Wa ku Chibavi: Abale, madzi agwetsa nyumba zambiri kuno. Kuti khonsolo ya Mzuzu ithandize, tiyambire pati?

Wa ku Masasa: Pepani kwambiri, achimwene. Dziwitsani amfumu ndi khansala wanu lero lomwe. Komiti yoona za ngozi m'dera lanu imalemba mabanja okhudzidwa, akhonsolo amabwera kudzatsimikiza, kenako lipoti limapita ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ku Lilongwe. Chimanga, mabulangete ndi mapepala apulasitiki amagawa potsata kaundulayo. Onetsetsani kuti ochita lendi nawonso alembedwa, chifukwa kukalembedwa eni nyumba okha, iwo amadumphidwa.

Wa ku Chiputula: Jambulani zithunzi musanachotse zogumukazo. Chonde osamanganso ndi zidina m'dambo, zimayamwa madzi khoma n'kugwa.

Wa ku Zolozolo: Zimbudzi zikasefukira, zitsime zimaipa ndipo kolera sachedwa. Thirani kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard m'malita 20, mudikire mphindi 30 musanamwe.