Analemba kuti anasiya yekha ntchito, koma kumene anachokera akuti anamuchotsa

Mayi Zulu:
Akuluakulu anzanga a m'maofesi oona za antchito, ndikupempha nzeru. Kampani yathu, imene imagulitsa zipangizo zomangira nyumba cha ku msewu wa Mumbwa, ikufuna woyang'anira nyumba yosungiramo katundu, ndipo mwa anthu asanu amene tinawaitana ku intavyu mmodzi anawaposa onse. Pa fomu analemba kuti ntchito yake yomaliza anaisiya yekha mu Januwale 2024. Anasaina chilolezo choti tifufuze mbiri yake, chikalata cha kupolisi chilibe mlandu, ndipo satifiketi yake ya Grade 12 yatsimikizika ku Examinations Council of Zambia. Koma nditaimba foni kumene ankagwira ntchito, bambo amene anayankha anangoti, "Ameneyo tinamuchotsa," n'kudula. Komanso sitetimenti yake ya NAPSA, bungwe la penshoni ya antchito, ikuonetsa kuti ndalama zochokera ku kampaniyo zinasiya kulowa mu Sepitembala 2023. Abwana akufuna yankho Lolemba. Kodi ndimutaye?

Bambo Tembo:
Mayi Zulu, musathamange. Pa zikalata zonse zimene mwatchulazi palibe chimodzi chimene chimanena chifukwa chimene munthu anachokera pantchito. Chikalata cha kupolisi chimayenderana ndi zidindo za zala ndi milandu ya kukhoti, osati milandu ya m'kampani. Sitetimenti ya NAPSA nayonso imangoonetsa dzina la wolemba ntchito, miyezi ndi ndalama zimene zinalowa. Miyezi yosowayo ingatanthauze kuti munthuyo anachoka kale, koma ingatanthauzenso kuti kampaniyo inkadula 5 peresenti pa malipiro ake osatumiza, ndipo ine ndaziona kangapo, makamaka ku makampani amene ali pamavuto a ndalama. Mumupemphe mapepala a malipiro a Okutobala mpaka Disembala, ndipo amenewo adzathetsa nkhani ya masiku.

Bambo Mwale:
Ine sindikugwirizana nanu, Bambo Tembo. Munthu ameneyu akufuna kupatsidwa makiyi a simenti ndi malata. Ngati wanama pa fomu, wanama basi, ndipo palibe chifukwa chovutikira pamene muli ndi anthu ena anayi. Mutenge wachiwiri, Mayi Zulu.

Mayi Banda:
Bambo Mwale, funso ndi lakuti wanama ndani, ndipo mpaka pano sitikudziwa ngakhale dzina la amene anayankha foniyo. Angakhale woyang'anira antchito, angakhalenso munthu amene anakangana naye. Ndiponso mawu akuti "tinamuchotsa" anthu amawagwiritsa ntchito pa zinthu zosiyana kwambiri: munthu amene kontirakiti yake inatha osaionjezera, munthu amene anachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, ndi munthu amene anapezeka wolakwa, onsewa pakamwa pa anthu amamveka mofanana.

Lamulo la Employment Code Act la 2019 limatithandiza pamenepa. Wolemba ntchito ayenera kupereka satifiketi ya utumiki munthu akachoka, koma satifiketiyo imangonena tsiku lolowa, tsiku lochoka, mtundu wa ntchito ndi za ndalama za penshoni. Chifukwa chochokera simuchipezamo, ndipo kalata yonena za khalidwe la munthu wolemba ntchito sakakamizidwa kuipereka. Komabe kuchotsa munthu chifukwa cha khalidwe kumasiya mapepala, pakuti lamulo lomwelo limafuna chifukwa chomveka ndiponso kuti munthuyo apatsidwe mpata wodziteteza, ndipo akachotsedwa nthawi yomweyo popanda notisi, kampani iyenera kulemba lipoti kwa ofisala wa za ntchito pasanathe masiku anayi. Choncho lembani kalata kapena imelo ku ofesi yawo ya antchito, muikepo chilolezo chimene anasaina, pakuti lamulo la Data Protection Act la 2021, loteteza zinsinsi za anthu, lachititsa makampani ambiri kukana kuyankha popanda chimenecho. Mufunse masiku, udindo, ndi mmene ntchitoyo inathera. Mungafufuzenso dzina lake pa ZambiaLII, webusaiti yosunga zigamulo za makhoti, ngakhale kuti kumeneko kumapezeka nkhani zokhazo zimene zinafika kukhoti n'kugamulidwa. Kenaka mumuitane mwini wakeyo, mumuuze mosabisa zimene mwamva.

Mayi Zulu:
Zikomo nonse, ndachita monga mwanenera ndipo ndabwera ndi zotsatira. Mnyamatayo wabweretsa mapepala a malipiro mpaka Disembala 2023, ndipo pa lililonse ndalama ya NAPSA inadulidwa, kutanthauza kuti miyezi yosowayo si mlandu wake. Ndamulangiza kuti akadandaule ku NAPSA. Nditamuuza za foni ija anakhala chete kanthawi, kenaka anatulutsa makalata awiri. Yoyamba ndi yomuimba mlandu pamodzi ndi mkulu wake wa pantchito chifukwa cha matumba 40 a simenti amene anasowa pa kuwerengera katundu kwa kumapeto a chaka. Yachiwiri ndi yake yosiya ntchito, yodindidwa chidindo cha kampaniyo masiku awiri tsiku lozenga mlandu lisanafike. Akuti makiyi ankasunga ndi mkuluyo, amene ndi wachibale wa eni kampani, ndipo anaona kuti mlanduwo ugwera iye. Ofesi ya antchito ya kampani yakaleyo yayankha ndi mizere itatu yokha: yatsimikiza masiku ndi udindo, ndipo yati anasiya ntchito mlandu usanazengedwe.

Bambo Mwale:
Ndavomera kuti sanachotsedwe, ndipo pa zimenezo ndinalakwa. Koma munthu wosalakwa amakhala pansi n'kuyankha mlandu. Nkhani ya wachibale wa eni kampaniyo tikuimva kwa iye yekha.

Bambo Tembo:
N'zoona kuti tikuimva kwa iye yekha, koma tonse pano takhalapo pa mipando yozenga milandu, ndipo tikudziwa kuti antchito ambiri amasiya okha poopa kuti kalata yochotsedwa iwatsekera makomo, ngakhale amene akanapambana. Chimene ine ndikuona n'chakuti makalata onse awiri wawatulutsa yekha, pamene akanatha kuonetsa yachiwiri yokha. Pa fomu yanu anayankha funso limene munafunsa.

Mayi Banda:
Lamulo limalola nthawi yoyesedwa ya miyezi itatu, imene mungaionjezere ndi miyezi ina itatu. Mumulembe motero, katundu aziwerengedwa mwezi uliwonse ndi anthu awiri osainirana, ndipo makalata awiriwo pamodzi ndi yankho la kampani yakale muziike m'failo yake yotsekedwa, zisafike kwa anzake a m'nyumba ya katundu.

Mayi Zulu:
Abwana avomera, ndipo mnyamatayo ayamba pa 1 mwezi wa mawa pa nthawi yoyesedwa. Kuwerengera koyamba tidzachita tsiku lomwelo asanalandire makiyi, iye ndi wa ku akaunti. Fomu yathu ndaisinthanso: pansi pa funso la chifukwa chochokera ndaonjezera lina lofunsa ngati munthu anasiyapo ntchito mlandu uli mkati, ndi mizere isanu yoti afotokoze. Mayi Banda, ndikutumizirani fomuyo madzulo ano kuti muone ngati mawu ake ali bwino.