Chipinda cholira mawu: kodi chingatopetse munthu?

Wamakalasi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali chipinda chophunzirira cha mamita 8 mulitali, 6 mulifupi, ndipo siling'i ili mamita 3 kuchokera pansi. Makoma ndi a pulasitala, pansi matailosi. Munthu akayankhula mawu amangoti wowowo ngati m'chitsime. Anthu 20 akakhalamo maola awiri amatuluka ali lefu, ena mutu ukuwawa. Kodi chipinda chingachitedi zimenezi, kapena ndi maganizo chabe? Ena akuti timate mateleyi a mazira m'makoma.

Wojambula Mapulani:
Si maganizo ayi. Pulasitala ndi matailosi sizimwa mawu, zimangowabweza. Ndiye liwu loyamba lisanazime, lachiwiri lafika kale pamwamba pake.

Zimenezi zimayezedwa. Wallace Sabine wa ku yunivesite ya Harvard ku America anayamba kuzifufuza mu 1895 atapatsidwa holo ya vuto ngati lanuli, ndipo masamu ake tikuwagwiritsabe ntchito. Timawerenga masekondi amene mawu amatenga kuti atsike ndi madesibelo 60 (desibelo ndi muyezo wa mphamvu ya mawu). Chulukitsani kukula kwa chipinda ndi 0.161, kenako mugawe ndi kuchuluka kwa malo omwa mawu.

Chanucho ndi makiyubiki mita 144. Makoma, pansi ndi siling'i pamodzi ndi masikweya mita 180. Tikati zonsezi zikumwa 5 peresenti ya mawu, malo omwa mawu ndi masikweya mita 9 okha, ndipo mawu azilira masekondi pafupifupi 2.6 chipinda chikakhala chopanda anthu. M'kalasi pamafunika 0.6. Kuti mufike pamenepo mukufunika masikweya mita 39. Anthu 20 ndi zovala zawo amapereka pafupifupi 8, ndiye otsalawo mungawapeze ndi mapanelo omwa mawu, oika m'makoma ndi kusiling'i, okwana masikweya mita 25.

Mayi wa Zamakutu:
Ndiwonjezere za kutopako. Zimene zimafufutika msanga m'chipinda cholira ndi timawu tofooka monga s, f, t ndi k, pomwe a ndi o amakhalabe amphamvu. Womvera amamva phokoso lokwanira koma tanthauzo lili loperewera, choncho ubongo umagwira ntchito yolota mawu osowawo. Mphamvu imene ikanathandiza kumvetsa ndi kukumbukira imathera pamenepo. Ovutika kwambiri ndi ana, okalamba, a vuto la makutu, ndi amene akumvera chinenero chimene si chawo.

Woyankhula nayenso sapuma. Phokoso likakula munthu amakweza mawu osadziwa, mnzake n'kukwezanso, chipinda chonse n'kumangokalipa. Dokotala wa ku France, Étienne Lombard, anafotokoza zimenezi mu 1911. Kukhosi kwa aphunzitsi kumaumira apa.

Bungwe la WHO mu 1999 linalangiza kuti phokoso la m'kalasi lisapitirire madesibelo 35, la m'chipinda chogona usiku 30. Phokoso limakhudzanso maphunziro a ana: bwalo la ndege la ku Munich, ku Germany, litasamutsidwa mu 1992, ofufuza anapeza kuti ana a pafupi ndi bwalo lakale anayamba kuwerenga ndi kukumbukira bwinoko, pomwe a pafupi ndi latsopano anabwerera m'mbuyo.

Kalipentala:
Mateleyi a mazirawo asiyeni, bwana. Ndi opyapyala, samwa mawu okwanira, ndipo moto ukabuka ndi nkhuni. Pangani mafelemu a matabwa a masentimita 120 kwa 60, muikemo rockwool (chonga thonje chopangidwa kuchokera ku miyala) yokhuthala masentimita 5, mukute ndi nsalu. Nsaluyo muiyese pakamwa: mpweya ukadutsa, mawu adutsanso. Cholakwika chofala ndi kupaka penti kapena kukuta ndi pulasitiki, timabowo timatsekeka ndipo ntchito yonse yapita. Podula rockwool valani magolovesi ndi chophimba mphuno, imayabwa.

Ambiri aikeni kusiling'i, ena pakhoma lakumbuyo. Mukasiya mpata wa masentimita 5 kuseri kwa panelo, imamwanso mawu a besi. Khoma la kumbuyo kwa mphunzitsi lisiyeni lolimba, limathandiza kukankhira mawu kwa okhala kumapeto. Apa ndisiyane pang'ono ndi a Mapulani: musaike onse 25 tsiku limodzi. Ikani theka, ombani m'manja pakati pa chipinda, mumvetsere. Mukamva kulira kwa trrr, ndiye kuti makoma awiri oyang'anizana akuponyerana mawu, ndipo kuphimba limodzi n'kokwanira. Chipinda chophimbidwa mopitirira muyezo nacho chimatopetsa, woyankhula amamva ngati mawu akumuthera pakamwa.

Wamakalasi:
Zikomo nonse. Nanga mapanelowa atsekanso phokoso la magalimoto lochokera panja?

Wojambula Mapulani:
Ayi, imeneyo ndi ntchito ina. Panelo imaletsa mawu kuzungulira m'kati, koma chotchinga phokoso la panja ndi kulemera kwa khoma komanso kusowa kwa mipata. Mukawirikiza kawiri kulemera kwa khoma mumachotsa madesibelo 5 kapena 6 basi, pomwe kampata ka pansi pa chitseko kangawononge phindu lonselo. Yambani ndi labala m'mphepete mwa chitseko ndi mawindo, kenako muganize za chitseko cha thabwa lolemera, chosakhala cha mphako m'kati.